Zaka zoposa 100 chichitikire sitalaka ya apolisi ku Boston: wolamula wina, wolipira wina

Pa 9 September 2025 padakwana zaka 106 kuchokera tsiku limene apolisi a mumzinda wa Boston, ku America, adanyanyala ntchito. Lidali Lachiwiri, chaka cha 1919. Nthawi itakwana 5:45 madzulo, pamene apolisi amafola kuti aitanidwe mayina asanapite kokalondera, amuna 1,117 mwa apolisi 1,544 a mumzindamo adakana kugwira ntchito. Ambiri adafika ndithu kupolisi, koma kudzangotula mabaji ndi zida, n'kutuluka atavala zovala zakunyumba. Pasanapite masiku ambiri anthu 9 adali atafa, masitolo atathyoledwa, asilikali ali mbwee m'misewu. Mwa amuna adanyanyalawo palibe ndi mmodzi yemwe amene adadzavalanso yunifolomu ya polisi ya Boston.

Anthu a ku America akamakumbukira sabata imeneyi, dzina lobwera msanga pakamwa ndi la Calvin Coolidge, bwanamkubwa wa Massachusetts panthawiyo, amene sitalakayi idamukweza mpaka kukafika pampando wa pulezidenti. Nkhani yake imakambidwa ngati ya munthu wolimba mtima amene adathetsa chisokonezo. Ine ndikuona kuti chofunika kukumbukira chili pena. Apolisi a Boston ankalamulidwa ndi boma lina n'kumalipidwa ndi boma lina, ndipo madandaulo awo adatha zaka akungokankhidwa uku ndi uku popanda wowatenga ngati ake. Zipolowe za usiku wa Lachiwiri lija zidabzalidwa zaka 34 m'mbuyo mwake, m'nyumba ya malamulo.

Dziko la America lidagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, nyumba ya malamulo ndi malamulo akeake. Polisi imodzi yolondera m'misewu ya dziko lonse, ngati imene tidaizolowera kwathu kuno, kumeneko kulibe. Mwachizolowezi mzinda umalemba apolisi ake, kuwalipira ndi misonkho ya anthu a mumzindamo, ndipo meya ndiye amasankha mkulu wawo. Boston, likulu la chigawo cha Massachusetts, idayamba choncho. Polisi yake idakhazikitsidwa mwadongosolo mu 1854 ili m'manja mwa eni mzinda.

Koma eni mzindawo adasintha. Njala yaikulu ya ku Ireland ya m'zaka za m'ma 1840 idathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Boston, ambiri a iwo Akatolika, osauka, ogwira ntchito zamanja padoko ndi m'mafakitale. Ana awo atakula adayamba kuvota, ndipo kumayambiriro kwa 1885 Hugh O'Brien, munthu wobadwira ku Ireland, adakhala meya. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Massachusetts, mmene munkachuluka a chipani cha Republican ochokera m'mabanja akale achipulotesitanti ndi m'matauni ang'onoang'ono, idapanga lamulo lochotsa polisi m'manja mwa mzinda n'kuipereka kwa komiti yosankhidwa ndi bwanamkubwa. Chifukwa chimene ankapereka n'chakuti andale a mumzinda ankadyera limodzi ndi eni malo omwera mowa, ndipo malamulo a mowa sankatsatidwa. Mwina munali choonadi pang'ono m'menemo. Koma lamulo lotere kubwera chaka chomwecho chimene mwana wa ku Ireland wakhala pampando, anthu a ku South Boston, dera la mzinda kumene kunkakhala ambiri ochokera ku Ireland, sadafunikire wowamasulira.

Lamulolo lidatenga ulamuliro, bilu n'kuisiyira mzinda. Mu 1906 komiti ija idathetsedwa, m'malo mwake mudaikidwa komishonala mmodzi, wosankhidwabe ndi bwanamkubwa. Komishonalayo ndiye ankalemba apolisi ntchito, kuwakweza, kuwalanga ndi kuwachotsa. Ndalama za malipiro, zokonzera nyumba za polisi, zogulira mahatchi ndi magalimoto zinkachokera m'thumba la mzinda. Meya sakadatha kutuma wapolisi ndi mmodzi yemwe kuti akaime pamphambano yakutiyakuti, ndipo komishonala sakadatha kuwonjezera kakobiri pa malipiro meya asanavomere.

Dongosolo lopindikali lidayenda kwa kanthawi chifukwa cha munthu mmodzi. Komishonala woyamba, Stephen O'Meara, yemwe kale adali mkonzi wa nyuzipepala, adakhala pampandowo zaka 12 ndipo apolisi ankamukhulupirira. Iye ndiye adalola kuti mu 1906 apolisi akhazikitse kalabu yawo, Boston Social Club, imene idasanduka njira yoperekera madandaulo. Sikuti ankawapatsa zonse zimene ankapempha, ayi, koma ankawamvera, ndipo polisi ya Boston m'nthawi yake idali ndi mbiri yoti ziphuphu n'zochepa poyerekeza ndi mizinda ina ikuluikulu. O'Meara adamwalira mu December 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Pamenepo mpamene zidaoneka kuti chimene chinkagwirizitsa zinthu si lamulo koma khalidwe la mkuluyo.

Tiyeni tione moyo wa wapolisi wamba wa ku Boston chaka chimenecho, chifukwa anthu ambiri okamba za sitalakayi amaudumpha. Wolondera masana ankagwira maola 73 pa sabata, wausiku 83, ndipo oyenda ndi ngolo zonyamula anthu omangidwa ankafika 98. Tsiku lopuma lidali limodzi pa masiku 15, ndipo ngakhale pa tsikulo munthu sankaloledwa kutuluka mumzinda popanda chilolezo. Pamwamba pa maola amenewa, masiku ena ankayenera kugona kupolisi podikira kuti mwina kugwa zadzidzidzi. Kogonako kudali nsikidzi, mphemvu ndi makoswe, ndipo bedi limodzi ankalandirizana amuna angapo, wina akudzuka wina akugonapo, zofunda zomwezo. Kupolisi ya Court Street amuna 135 ankagwiritsa ntchito zimbudzi zinayi ndi bafa limodzi. Wapolisi akamanga munthu usiku, m'mawa mwake ankakaonekera kukhoti pa nthawi yake yopuma, popanda malipiro. Akuluakulu ena ankawatuma kukagula nyuzipepala ndi chakudya chamasana. Yunifolomu ndi zipangizo ankagula okha, pamtengo woposa madola 200.

Malipiro nawo adali ndi mbiri yomvetsa chisoni. Ndondomeko ya malipiro imene idakonzedwa mu 1898 idadzayamba kugwira ntchito mu 1913, kutanthauza kuti idafika ili yakale kale. Kuchokera 1913 kufika pakati pa 1919 mitengo ya zinthu idakwera ndi pafupifupi 76 peresenti chifukwa cha nkhondo, pomwe malipiro a apolisi adakwera ndi 18 peresenti yokha. Munthu wopanda maphunziro aliwonse wogwira ntchito kokhoma sitima zapamadzi ankalandira kuposa wapolisi wa zaka zambiri pantchito. Mu April 1919 atsikana olumikiza mafoni adanyanyala ntchito n'kupambana. Mu July ogwira ntchito pa sitima zoyenda m'misewu ya mzinda adachita chimodzimodzi, nawonso n'kupambana. Amene ankaimirira padzuwa kusungitsa bata pa masitalaka onsewa adali apolisi omwewa, akuona ndi maso awo kuti wonyanyala amamvedwa m'masiku ochepa pomwe wopempha mwaulemu amadikira zaka. Mu May meya adavomera kuwawonjezera madola 200 pa chaka, ndalama imene adaipempha kalekale, moti pofika n'kuti mitengo itaidya kale.

Apolisi akapita kwa komishonala ankauzidwa kuti ndalama zili kwa meya. Akapita kwa meya ankauzidwa kuti thumba la mzinda laphwa, ndipo za maola ndi malamulo a pantchito ndi za komishonala. Bwanamkubwa ankati iye adasankha kale komishonala, sangalowerere ntchito yake. Zidali ngati waganyu amene kapitawo wake ndi wina, womulipira ndi winanso: khasu likathyoka kapitawo akuti kafunse mwini ndalama, mwini ndalama akuti ine sindine ndidakutuma m'munda. Aliyense mwa akuluakulu atatuwa adali ndi yankho loona ndithu mwalamulo, ndipo n'chifukwa chake palibe chidasintha.

Wolowa m'malo mwa O'Meara adali Edwin Upton Curtis, wa chipani cha Republican, yemwe adakhalapo meya wa Boston mu 1895 akadali mnyamata, anthu n'kumukana pachisankho chotsatira. Adasankhidwa ndi bwanamkubwa Samuel McCall atatsala pang'ono kutula pansi udindo, choncho Coolidge, polowa mu January 1919, adangomupeza. Curtis adali munthu wosadya ziphuphu, wouma khosi, wodwala mtima, ndipo sankawakhulupirira andale achi Irish amene adalanda mzinda umene iye ankauyesa wa makolo ake. Kalabu ya apolisi ija adaiika pambali n'kukhazikitsa komiti yake ya madandaulo, imene apolisi sadaione ngati yawo. Meya adali Andrew Peters, wa chipani cha Democratic, amene adasankhidwa kumapeto kwa 1917, munthu wofatsa koma wosakhalitsa pa nkhani imodzi.

Mu June 1919 bungwe lalikulu la anthu apantchito ku America, American Federation of Labor, lotsogoleredwa ndi Samuel Gompers, lidagwirizana zoyamba kulandira mabungwe a apolisi, ndipo m'masabata ochepa apolisi a m'mizinda yoposa 30 adalowa. A ku Boston adapempha kulowa pa 9 August. Pa 11 August Curtis adatulutsa lamulo loletsa wapolisi aliyense kukhala membala wa bungwe lokhala ndi mizu kunja kwa polisi. Pa 15 August chikalata cha umembala chidafika, ndipo John McInnes adakhala mtsogoleri wa bungwe latsopanolo. Curtis adatsegulira milandu atsogoleri 19.

Mfundo ya Curtis siyofunika kuipeputsa. Iye ankati wapolisi si wantchito wamba, ndi dzanja la boma, ndipo tsiku limene adzatumidwe kukabalalitsa anthu onyanyala a m'bungwe lomwe iye ali membala, mtima wake udzagawikana. Funsoli ndi lenileni, ndipo mpaka lero mayiko ambiri salola apolisi kunyanyala ntchito. Chimene Curtis sadafune kuona n'chakuti wapolisi wa ku Boston adali kale ndi mabwana awiri, ndipo amene adam'patsa mabwana awiriwo ndi nyumba ya malamulo, osati Gompers. Adapita kukafuna wachitatu chifukwa awiri oyambawo ankangolozerana chala.

Chaka nachonso chidali choipa kwa munthu aliyense wotchula za bungwe la apantchito. Boma la chikomyunizimu lidali litangokhazikika ku Russia. Mu February mzinda wonse wa Seattle udaima chifukwa cha sitalaka, ndipo mu June mabomba adaphulika pa nyumba za akuluakulu m'mizinda ingapo. Manyuzipepala sadachedwe kutcha apolisi a Boston Abolisheviki, ngakhale ambiri a iwo adali Akatolika opita kutchalitchi Lamulungu lililonse, ena atangobwera kumene kunkhondo ku France, ndipo pa 1 May chaka chomwecho adali atamenyana ndi anthu ochita zionetsero za sosholizimu ku Roxbury, dera la mumzinda womwewo.

Njira yothetsera nkhaniyi idalipo, ndipo idalembedwa papepala. Meya Peters adasankha komiti ya nzika 34, wapampando wake James Storrow, mkulu wa kubanki wolemekezeka mumzindamo. Komitiyo idati apolisi akhale ndi bungwe lawo loima palokha, losalumikizana ndi American Federation of Labor, malipiro ndi maola ziunikidwe ndi anthu apadera, ndipo atsogoleri 19 aja asalangidwe. Manyuzipepala ambiri a mumzinda adaivomereza, bungwe la amalonda lidaivomereza, meya adaivomereza. Curtis adaikana. Storrow ndi Peters adakadandaula kwa Coolidge kuti alankhule ndi munthu wake, koma iye adakana kulowererapo. Nthawi imeneyo bwanamkubwa wa Massachusetts ankasankhidwa chaka ndi chaka, ndipo chisankho chidali mu November, choncho aliyense angathe kudziganizira yekha chifukwa chimene mkuluyo adasankhira kukhala chete. Lolemba pa 8 September Curtis adaimitsa ntchito atsogoleri 19 aja. Usiku womwewo apolisi adaponya voti: 1,134 adati anyanyale, awiri okha adakana.

Apa mpamene nkhani ya munthu wolimba mtima ija imayamba kutsimphina. Sitalakayi siidabwere mwadzidzidzi. Tsiku ndi ola zinkadziwika, manyuzipepala adalemba. Masana a Lachiwirilo Peters adapempha kuti asilikali a chigawo aitanidwe usiku usanagwe. Curtis adatsimikizira bwanamkubwa kuti ali ndi anthu okwanira, ndipo Coolidge adamvera Curtis. Anthu odzipereka amene adalembedwa kuti athandize, kuphatikizapo ophunzira a pa yunivesite ya Harvard amene mkulu wawo, A. Lawrence Lowell, adawalimbikitsa kutero, adauzidwa kuti abwere m'mawa wa Lachitatu. Mzinda wa anthu oposa 700,000 udagona usiku umenewo ndi apolisi mazana anayi okha ndi pang'ono, ambiri a iwo akuluakulu a m'maofesi ndi okalamba oyembekezera penshoni.

Kutangoda, anyamata adayamba kutchova juga poyera pabwalo la Boston Common. Kenako miyala idayamba kuuluka. Ku Scollay Square, m'misewu ya masitolo ya pakati pa mzinda ndi ku South Boston magalasi adaswedwa, anthu n'kumatuluka ndi nsapato, zipewa, malaya ndi zodzikongoletsera. Anthu adalandidwa katundu m'misewu, amayi ena adachitidwa zachipongwe. Izi siziyenera kubisidwa pofuna kukometsa mbali ya apolisi. Amuna amene adalumbira kuteteza mzinda adausiya usiku, akudziwa bwino lomwe mtundu wa anthu amene adzatuluke, ndipo amene adalira si Curtis kapena Coolidge koma eni timasitolo ndi anthu oyenda pansi. Pamenepa adalakwa. Koma wolakwa mnzawo ndi amene adauzidwa ola lenileni la ngozi, ali ndi asilikali m'manja, n'kupita kukagona.

Lachitatu m'mawa Peters adagwiritsa ntchito ndime ya lamulo imene inkalola meya kutenga ulamuliro wa polisi pakabuka zipolowe, n'kuitana asilikali a chigawo okhala mu Boston. Asilikali amenewa sadali aja adamenya nkhondo ku Ulaya. Lidali gulu lokhazikitsidwa nthawi ya nkhondo kuti lisunge pakhomo, la amuna achikulire ndi anyamata, osaphunzitsidwa kubalalitsa khamu la anthu. Adabwera ndi mfuti zokhala ndi mipeni kumapeto. Usiku wa Lachitatu adaombera khamu ku South Boston, okwera pa mahatchi adathamangitsa anthu ku Scollay Square, ndipo masiku otsatira ena adaomberedwa pothawa pamene asilikali ankabalalitsa magulu a juga. Mwa anthu 9 amene adafa, 8 adaphedwa ndi asilikaliwa. Wachisanu ndi chinayi adali wapolisi wonyanyala, Richard Reemts, amene adaomberedwa ndi mwini sitolo. Usiku umene kudalibe apolisi kudatayika katundu. Miyoyo idatayika boma litabwera kudzakhazikitsa bata.

Coolidge adadzuka Lachinayi, pa 11 September, zipolowe zazikulu zitatha kale. Adaitana asilikali onse a chigawo, adatenga yekha ulamuliro wa polisi n'kubwezera Curtis pampando, meya n'kutsala wopanda chonena mumzinda wake womwe. Tsiku lomwelo Pulezidenti Woodrow Wilson, ali paulendo ku Montana, adadzudzula sitalakayo ngati mlandu wolakwira chitukuko cha anthu. Mabungwe ena a apantchito mu Boston adakambirana zonyanyala nawo onse, koma ataona kumene mphepo ikulowera adabwerera m'mbuyo. Gompers adalangiza apolisi kuti abwerere kuntchito, iwo adavomera, ndipo adapempha kuti alandiridwe nkhani ikamakambidwa. Loweruka pa 13 September Curtis adalengeza kuti malo a onse onyanyala ndi opanda anthu. Mawa lake Coolidge adatumizira Gompers telegalamu imene idamutchukitsa dziko lonse, yonena kuti palibe munthu, kulikonse, nthawi ina iliyonse, amene ali ndi ufulu wonyanyala ntchito moika chitetezo cha anthu pachiswe.

Tsono apa ndi pamene pali phata la chikumbutsochi. Polisi yatsopano idayenera kulembedwa, amuna oposa 1,500, ambiri a iwo asilikali obwera kunkhondo amene ankasowa ntchito. Olembedwa kumenewa adayambira pa madola 1,400 pa chaka, pomwe woyamba ntchito sitalaka isanachitike ankalandira 1,100. Yunifolomu mzinda udayamba kuwagulira. Masiku opuma adawonjezedwa. Ndalama zimene kwa zaka zambiri ankati kulibe zidapezeka m'masabata ochepa, pamwamba pa zolipirira asilikali zikwizikwi amene adakhala m'misewu mpaka December, ndipo amalonda adasonkhanso ndalama zankhaninkhani zothokozera asilikaliwo ndi apolisi amene sadanyanyale. Pafupifupi zonse zimene amuna 1,117 aja ankapempha zidaperekedwa, koma kwa anthu ena. Atelala a m'bungwe la osoka zovala adakana kusoka mayunifolomu a apolisi atsopanowo, moti ena adayamba kulondera atavala makhoti akunyumba. Chimenecho ndicho chithandizo chooneka chimene onyanyalawo adalandira kwa anzawo apantchito.

Ku Britain zinthu zonga zomwezi zidachitika nthawi yomweyo, koma mathero adasiyanako. Apolisi a ku London adanyanyala mu August 1918 n'kuwonjezeredwa malipiro. Chaka chotsatira boma lidakweza malipiro kwambiri, lidaletsa bungwe la apolisi loima palokha, koma lidakhazikitsa mwalamulo Police Federation kuti madandaulo akhale ndi khomo lodziwika. Amene adanyanyalabe mu August 1919, makamaka ku Liverpool, adachotsedwa ntchito. Chilango chidali chimodzimodzi, koma kumeneko boma limene lidaletsa ndi lomwenso lidatulutsa ndalama.

Coolidge adapambana chisankho cha November ndi mavoti ochuluka zedi. Mu 1920 chipani chake chidamusankha kukhala wachiwiri kwa Warren Harding, ndipo Harding atamwalira mu August 1923 iye adakhala pulezidenti. Curtis adamwalira mu 1922 akadali komishonala. Apolisi ochotsedwa aja adamwazikana: ena adakhala alonda, ena omanga nyumba, ena onyamula katundu padoko, ena adasamuka mumzinda chifukwa mabwana ambiri sankafuna kulemba munthu wa dzina loti adathawa ntchito. Mu 1931 nyumba ya malamulo idalola kuti angathe kulembedwanso, koma mphamvu idali kwa komishonala, ndipo makomishonala adakana. Mu 1937 adakagwadanso kwa bwanamkubwa Charles Hurley, osaphula kanthu. American Federation of Labor idathetsa umembala wa mabungwe onse a apolisi, ndipo apolisi a Boston adadzakhalanso ndi bungwe lawo mu 1965.

Ulamuliro wa chigawo pa polisi ya Boston udatha mu 1962, ndipo mathero ake ndi oseketsa pang'ono. Lamulo la 1885 lidabwera m'dzina lothana ndi katangale wa andale a mumzinda. Kumapeto kwa 1961 wailesi yakanema ya CBS idaonetsa anthu a ku America apolisi a Boston ovala yunifolomu akulowa ndi kutuluka m'kasitolo kosula makiyi kamene kadali malo otchovera juga mobisa. Komishonala wosankhidwa ndi bwanamkubwa, Leo Sullivan, adatula pansi udindo, nyumba ya malamulo idabwezera meya mphamvu yosankha, ndipo meya John Collins adasankha Edmund McNamara. Zaka 77 za ulamuliro wochokera pamwamba sizidaletse chimene zidabwerera kudzaletsa.

Wina angati izi n'zakale. Apite ku chigawo cha Missouri akaone. Polisi ya Kansas City imayendetsedwa ndi komiti ya anthu asanu, anayi osankhidwa ndi bwanamkubwa, wachisanu meya. Zakhala choncho kuyambira 1939, ndipo kunena zoona chifukwa chake panthawiyo chidali chomveka: m'zaka zochepa zimene mzinda udayendetsa polisi yake, kuyambira 1932, gulu la ndale la Tom Pendergast lidaisandutsa chida chake, zigawenga zikuyenda momasuka. Pali nthawi imene boma lapamwamba liyenera kulanda polisi m'manja mwa andale ovunda, ndipo sindikutsutsa zimenezo. Koma Pendergast adamwalira mu 1945, ndipo komiti ikadalipo. Mu 2021 meya Quinton Lucas ndi makhansala adayesa kupatula madola pafupifupi 42 miliyoni a bajeti ya polisi kuti azikambirana kagwiritsidwe ntchito kake, komitiyo idakawasumira n'kupambana. Kenako nyumba ya malamulo idakweza gawo limene mzinda uyenera kupereka ku polisi kuchoka pa 20 kufika pa 25 peresenti ya ndalama zake, ndipo ovota a chigawo chonse, ambiri a iwo osakhala mu Kansas City komanso osapereka msonkho kumeneko, adavomereza mu 2022 ndi kubwerezanso mu 2024 khoti litalamula kuti voti ichitikenso. Kusiyana kwake ndi Boston n'kwakuti kuno mzinda sungathenso kunena kuti thumba laphwa. Koma wokhometsa msonkho alibe mphamvu pa momwe ukugwirira ntchito, ndipo wolamula sayankha kwa okhoma msonkhowo.

St. Louis, mzinda wina wa ku Missouri komweko, ndiye yazungulira n'kubwerera pomwe idali. Polisi yake idalandidwa mu 1861, nkhondo yapachiweniweni ili pafupi kuyamba, pamene bwanamkubwa Claiborne Jackson, wokonda mbali ya eni akapolo, sadafune kuti mfuti za mzinda zikhale m'manja mwa anthu otsutsana naye. Ovota adaibwezera kwa eni mzinda mu 2012, ndipo kusinthako kudachitika pa 1 September 2013, patatha zaka 152. Mu March 2025 bwanamkubwa Mike Kehoe adasaina lamulo loilandanso. Chodabwitsa kwa munthu wodziwa za Boston n'chakuti ulendo uno mabungwe a apolisi eni ake ndiwo adaliikira kumbuyo lamulolo, ponena kuti chiwerengero chawo chatsika kwambiri ndipo anzawo akuthawira kumadera oyandikana nawo kumene malipiro ndi abwinoko. Akuyembekeza kuti bwana wakutali adzawamvera kuposa wapafupi. Adzukulu a amuna a 1919 akadawauza kuti afunse kaye, bwana wakutaliyo akadzakana, adzapita kukagogoda kwa yani. M'komiti yatsopanoyo meya ali ndi mpando umodzi, ena onse amasankhidwa ndi bwanamkubwa ku Jefferson City, likulu la chigawocho, ndipo ndalama zikuchokerabe m'misonkho ya anthu a mu St. Louis.